Mfuwu ya a Mal-sun

Pa msika wa ku Solmi, umene umakumana pa madeti othera ndi 3 ndi 8, aliyense amadziwa kuti kumapeto kwa mzere wa zouma kuli mzinga wa a Byeon Mal-sun. Si mzinga wankhondo ayi, koma ukalira nkhunda za pa denga la siteji ya basi zimabalalika chimodzimodzi. Ndi chimphika chachitsulo chakuda bii, cha chivindikiro chomanga ndi mphamvu, chimene chimazungulira pamoto wa gasi mpaka muvi wa kawotchi kake utafika pofiira. Ukafika pamenepo, a Mal-sun amazimitsa moto, kulozetsa kukamwa kwa chimphikacho m'chithumba chachitali cha waya, kukola chivindikiro ndi ndodo ziwiri zachitsulo, n'kukankha. Chitini chimodzi cha mpunga chimatuluka chitasanduka thumba lathunthu la mbuliwuli, utsi woyera uli tolotolo, fungo lake n'kukafika mpaka kwa ogulitsa nsapato.

Ntchitoyi ili ndi lamulo limodzi, ndipo silinalembedwe paliponse: usanakankhe ndodo, umakuwa. Umadzaza chifuwa n'kuponya mawu mzere wonse, "Chikuphulikaaa!", kuti wonyamula mazira aime, wobereka mwana amutseke makutu, agalu alowe pansi pa mabenchi. Wophulitsa mbuliwuli wosakuwa si wamalonda, ndi chigawenga. A Mal-sun analimva lamuloli kwa amuna awo, malemu a Yeom Bong-sik, tsiku loyamba limene anakhala pambali pa mzingawo ali mtsikana wa zaka 23, ndipo mpaka chaka chino chimene akwanitsa 68, akanalumbira pamaso pa aliyense kuti sanaliphwanyepo ndi kamodzi komwe.

Iwo anabadwa mwana wamkazi wachisanu m'nyumba imene inkadikira mwamuna, ndiye bambo awo anawapatsa dzina longotanthauza kuti atsikana athere pomwepa. Munthu wolandiridwa chotero padziko saphunzira kupepesa msanga. A Bong-sik atamwalira, achibale anabwera ndi nzeru zawo, akuti mzinga si wa mkazi, augulitse akatsegule kanyumba kophikiramo zakudya. Iwo anawaphikira, anawaperekeza mpaka pageti, m'mawa mwake n'kukweza mzingawo pangolo okha. Amakonda kunena kuti amuna awo anawasiyira zinthu ziwiri, chitsulo ndi ugonthi, ndipo zonse ziwiri n'zolimba.

Makutuwo sanafe tsiku limodzi. Zinayamba kusowa ndi mbalame, kenako belu la njinga, kenako mawu a ana. Otsalira anali amuna a mawu aakulu, zimene a Mal-sun ankati ndilo tsoka lenileni poti ndiwo alibe chanzeru chonena. Mwana wawo Hye-ran, amene amagwira ntchito mu ofesi mumzinda wa Daegu, anawagulira timakina tovala m'makutu. Tinathandiza, inde, koma tinali ndi mwano wake. Akangovala chipewa tinkalira tswii ngati ana a mbewa. Thukuta likalowa tinkazima. Timabatire take tinali tochepa ngati nyemba, moti tsiku lina anatsala pang'ono kukathira kamodzi mumzinga pamodzi ndi nyemba zakuda za kasitomala. Choipa koposa chinali kuphulika. Timakinato tinkakutola n'kukukhomera m'bongo ngati msomali. Ndiye anaphunzira: muvi ukayandikira pofiira, vula, ika m'thumba la epuloni, kuwa, kankha.

Timakinato titagonja, zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, madokotala a mumzinda anawang'amba kuseri kwa khutu lamanja n'kuwaikamo kachitsulo pansi pa khungu. Kunja amavala kachipangizo kopachika pakhutu, kolumikizana ndi kabatani kozungulira kamene kamamatirira kumutu ndi maginito. Kakamatirira, dziko limayaka. Kakachoka, zii. A Mal-sun anakatcha nkhupakupa, ndipo dzinalo linamatirira ngati mwini wake.

Tsiku loyamba kuiyatsa, Hye-ran analira misozi ili mbwembwembwe. "Amayi, mukundimva?"

"Ndikumva bakha akunditchula amayi," anayankha iwo.

Sanali kuseka. Miyezi yoyamba munthu aliyense ankalankhula ngati bakha wotsekeredwa m'chitini. Anafufuza nyumba yonse kusaka amene ankawatsata kumbuyo, kenako n'kupeza kuti ndi masilipasi awo omwe. Anakalipira firiji kuti imang'ung'udza chiyani. Pang'ono ndi pang'ono abakha aja anasanduka anthu, ndipo mawu awo omwe, osasa ndi utsi wa zaka makumi anayi, anaphunzira kuwatsitsa, chifukwa akakweza ankawalira m'mutu moipa. Kuchipatala anawalangiza kusankha yamtundu wa tsitsi kuti isamaoneke. Iwo analoza yofiira psuu, n'kupita kukameta mbali imeneyo ya mutu.

"Magalasi mumabisa?" anafunsa. "Mano oikirira a golide mumabisa? Amene akufuna kudziwa kuti ndine gonthi aone, asavutike kufunsa anansi."

Nkhupakupayo ili ndi khalidwe limodzi la chimasomaso: imakonda chitsulo kuposa mutu wa mwini wake. Inathawirapo pa ambulera, pa mzati wa m'basi, ndipo tsiku lina atawerama inadumphira pa mzinga wotentha. Chifukwa cha chimenecho, komanso chifukwa chokumbukira msomali uja, mwambo wakale sanausinthe. Muvi ukayandikira pofiira ankaichotsa, kuitsekera m'kachitini ka mankhwala opaka kamene kamakhala m'epuloni, kenako kukuwa ndi kukankha.

Kumbuyo kwawo, mapazi anayi okha, kumakhala a Ok Geum-rye ogulitsa tinsomba touma, mayi wa mawu otha kudzutsa wakufa. Awiriwa akhala akukangana zaka makumi atatu pa nkhani imodzi yokha.

"Amake Hye-ran! Nsomba zanga zikununkha utsi wanu!"

"Ndiye kuti zayamba kununkhira, amake Dong-gil. Kwezani mtengo."

"Mfiti ya mzimayi! Tsiku lina chidzakuphulikirani chimenecho, ndidzavina."

"Ndi bondo liti?"

Mkangano ukatalika, a Mal-sun ankatembenuka, kuchotsa nkhupakupa pang'onopang'ono mnzawoyo akuona, kuiika pa benchi, n'kumwetulira. Mwa zonse zimene madokotala anawapatsa, iyi ndiyo ankati mphatso yeniyeni.

Zinthu zinasokonekera pa 8, masabata atatu Chaka Chatsopano cha kalendala yotsata mwezi chisanafike, nthawi imene banja lililonse limafuna mbuliwuli wa mpunga wopangira maswiti a manyuchi. Tsikulo a Geum-rye anapita kukaonetsa bondo kuchipatala, benchi lawo lili lophimba. A Mal-sun anachita monga mwa nthawi zonse: anavula, anakuwa, anakankha. Pa nthawi yomweyo a Pyo Dal-su, tcheyamani wa komiti ya msika, amene amayenga mafuta a chitowe kumtunda kwa msika, ankadutsa atasenza bokosi la mabotolo paphewa. Utsi utapungula, a Mal-sun anatembenuka n'kuona bokosi lili pansi, mafuta ali ponseponse, mkulu wina wogula tsabola ataterereka ali chigonere atagwira dzanja, ndi milomo ya anthu yambirimbiri ikutseguka ndi kutsekeka. Anatulutsa nkhupakupa n'kuimata kumutu.

"...kufuna kutipha kodi? Amake Hye-ran, bwanji simunakuwe?" A Pyo anali atafiira mpaka m'khosi.

"Ndakuwa ine."

"Mwakuwa liti? Ndinali apa, apa penipeni! Ndangomva phuu!"

"A Tcheya, ngati makutu ayamba kutha ndikupatseni nambala ya dokotala wanga. Saluma."

Amene anaseka anali anthu odutsa okha. Ogulitsa a mzere wawo, amene akanayenera kuwaikira kumbuyo, onse anali atapeza chochita pansi: uyu akukonza mulu wa adyo, uyo akupukuta sikelo yoyera kale.

"Chabwino," anatero a Pyo, akupukuta mafuta pa buluku. "Inuyo munadzimva?"

Funso limenelo linawalasa a Mal-sun pamtima. Kwa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, chiyambire timakina toyamba tija, anali asanamvepo mfuwu yawo. Ankamva kukhosi kukukoka, ankaona anthu akugwira makutu, basi. Umboni wawo wonse unali umenewo.

Komiti inagamula tsiku lomwelo. Pa 28, msika womaliza Chaka Chatsopano chisanafike, a Pyo adzaima pa siteji ya basi, mapazi makumi anayi kuchokera pa mzinga, atafulatira. Akapanda kumva chenjezo, malo amene a Bong-sik anayamba kukhalapo msewu usanathiridwe phula adzapatsidwa kwa wina. Wina wa m'komitimo anayesa kufewetsa nkhani, akuti bwanji angogula wenzulo.

"Wenzulo ndi ya apolisi ndi oimbira mpira," anatero a Mal-sun. "Ine ndili ndi pakamwa."

Mkulu woterereka uja anathyoka dzanja, ndipo a Mal-sun anakamuona kwawo mawa lake, atanyamula thumba la mbuliwuli lalikulu kuposa iwo eni. Anawerama mpaka pansi pakhomo pake, chifukwa dzanja lothyoka silikhala ndi mkangano. Koma za mfuwu anali asanagonje. Kutsutsa galu n'kukumba. Pa 13 anafika pa msika atamanga nkhupakupa ndi mpango mothina kuti isathawe, atatsimikiza kuti lero adzimva okha, kenako akawauze a Tcheya kumene angakagule makutu.

A Geum-rye anali atabwerera, bondo lili lomanga, akutukwana dokotala. A Mal-sun anathira mpunga, kuwazamo kaufa kotsekemera, kumanga chivindikiro, kuyatsa moto. Muvi utayandikira pofiira dzanja linanyamuka lokha kupita kumutu, iwo n'kulibweza. Mantha anali nawo, tisaname. Msomali uja ankaukumbukira bwino. Anakola ndodo, anadzaza chifuwa, anakuwa ndi mphamvu zawo zonse.

Chimene chinatuluka chinali kamphepo, fyuu, ngati tayala la njinga likuphwa, ndi kamawu kothyoka kumapeto kwake. Mphaka wogona pa mapazi awo sakanadzuka nako.

Ndipo kumbuyo kwawo, pa nthawi yake yeniyeni, osachedwa osafulumira, kunabuka mawu ong'amba msika pakati: "Chikuphulikaaa!"

Mzere wonse unagwira makutu. Manja a a Mal-sun anakankha okha mwa chizolowezi. Kuphulika kumene anakuthawa zaka zonsezi kunafika kudzera mu nkhupakupa kuli kochepa, ngati chitseko chomenyetsedwa ndi munthu wokwiya. Sikunapweteke. Chopweteka chinali kumbuyo.

Anatembenuka. A Geum-rye anali atayamba kale kuyeza nsomba za kasitomala ngati palibe chachitika, mpaka maso awo anagwera pa kachotupa kofiira kosuzumira pansi pa mpango.

"Aa. Lero mwavala?"

"Amake Dong-gil, munayamba liti?"

"Kuyamba chiyani? Mayi, nsomba zanu izi, pitani bwino."

"Ndafunsa kuti munayamba liti."

A Geum-rye anaika sikelo pansi. "Chaka chimene munadwala chifuwa chija. Munabwerako mawu okuwira atapita. Chino n'chachisanu ndi chinayi."

"Mzere wonsewu ukudziwa?"

"Ndi agalu omwe."

"Anakutumani ndani?"

"Nsomba zanga! Mukuyesa ndimachitira inu? Kasitomala akadzidzimuka amagwera pa benchi langa, osati lanu."

"Zaka zisanu ndi zinayi ndikuyasamula ngati nsomba zanu zomwezi, nonsenu mukundionerera!"

"Nanga tikanakuuzani mukanatani? Mukanakweza chimphika chanucho pangolo osabweranso, ndi mtima wanu wachitsulowo. Ine ndikanamakangana ndi ndani? Ndi wa adyoyu? Munthu woti ukamutukwana amathokoza?"

Wa adyo anayang'ana kumbali. A Mal-sun anaima chilili, ndodo zili m'manja, manyazi akuwotcha kuyambira kumapazi mpaka pamene anameta. Kusekedwa akanakupirira, anakuzolowera chibadwire. Koma chifundo cha msika wonse, chobisidwa bwinobwino zaka zonsezi ngati mmene amabisira mankhwala m'phala la wodwala, chimenecho ndicho chinawanyansa.

A Geum-rye anatsitsa mawu, chinthu chimene sachita kawirikawiri. "Tamverani. Pa 28 a Tcheya adzakhala atafulatira. Amakhala kumtunda, sadziwa kuti mawu a ndani ndi ati. Inu mudzayasamule, ine ndidzakuwe, nkhani yatha."

Inali nzeru yabwino, yosavuta, ndipo ikanagwira. A Mal-sun anaiona ubwino wake wonse, n'chifukwa chake anapsa nayo mtima kwambiri.

"Mpaka pa 23 kuwani, poti anthuwa alibe mlandu. Pa 28 pakamwa panu padzakhale potseka."

"Ndiye akuchotsanitu."

"Andichotse ndi mawu anga. Asandisiye ndi anu."

Hye-ran anamva nkhaniyi pa foni kwa anthu okonda kuthandiza, Lamlungu n'kutulukira ndi basi yam'mawa. Anayamba mofatsa, ali pa chakudya. Akuti amayi agwira ntchito mokwanira, ku Daegu chipinda chilipo, kuchipatala n'kufupi, nanga munthu wa zaka 68 azikangana ndi komiti chifukwa cha mbuliwuli? Atafika pa mawu akuti "pa msinkhu wanuwu," a Mal-sun anachotsa nkhupakupa n'kuiika pambali pa mbale ya kimchi, ndiwo ya kabichi wosasitsa ndi tsabola, n'kupitiriza kudya. Hye-ran amawadziwa amayi ake. Anatenga foni, analemba ndi zilembo zikuluzikulu, n'kuwaikira pamaso: NDIKUOPA KUTI AKAKUSEKANI.

Anawerenga kawiri. Kenako anatola nkhupakupa n'kuimatanso.

"Mwanawe, akhala akundimvera chisoni zaka zisanu ndi zinayi ine ndikuyenda monyada ngati tambala. Bola andiseke ndikumva. Patsa mpunga uko."

Kuseri kwa nyumba yawo kuli munda wa kabichi umene nthawi ya chisanu umangokhala zitsa zokhazokha. Kumeneko ndiko ankapita m'mawa uliwonse, nkhupakupa ili kumutu, kukaima pakati pa mizere youma n'kumakuwira phiri. Nkhupakupa sinyengerera munthu. Chilichonse chimene anatulutsa inkawabwezera mmene chinalili: fyuu, fyuu, kenako chifuwa. Masiku atatu anabwerera m'nyumba kukhosi kukuwawa, atakhumudwa. Tsiku lachitatulo anakhala pakhonde nthawi yaitali akuyang'ana ngolo ya mzinga, ndipo kwa kamphindi anaganiza za chipinda cha ku Daegu.

Tsiku lachinayi, ali mkati mofyuula, anamva kumbuyo munthu akubwera motsimphina, akutukwana miyala ya m'njira.

"Ndamvera ku siteji kuti kuno kuli nkhuku yotsamwa," anatero a Geum-rye. "Ndati ndidzaone ngati ili yodyeka."

"Wakuitanani ndani?"

"Mukukuwira pamwamba ngati mukadali mtsikana wa a Bong-sik. Kumwambako kunapsa kalekale, kulibe kanthu. Tsitsani." Anawagunda ndi chibakera pamimba, osati pang'ono. "Achokere apa. Mmene munkakankhira Hye-ran tsiku lobadwa, simunkaimbatu nyimbo ya kutchalitchi."

"Mukandigundanso ndikuthyolani bondo linalo."

"Thyolani, koma mukuwe kaye."

Anayesa. Choyamba chinatuluka chinali kubuula. Chachiwiri chimodzimodzi, koma nkhupakupa inawauza kuti pansi pa kubuulako pali kanthu kolimba, kamene sikanathyoke. Anakatsata kanthuko monga munthu amatsatira ulusi m'nsalu, kutsitsa pang'ono, kutsegula pakamwa kwambiri, kumvetsera, kukonza. Apa ndi pamene anazindikira kupusa kwa zaka zonse zija: chida chimene chikanawauza zoona ankachitsekera m'kachitini pa nthawi yeniyeni imene ankachifuna. Dzuwa litakwera, anatulutsa mawu amodzi aatali, ndipo kutsidya kwa mtsinje galu anayankha mokwiya.

"Mboni yoyamba," anatero a Geum-rye. Anatulutsa m'chikwama mapeyala awiri achizungu ophika ndi uchi, mankhwala a pakhosi, okulunga m'nsalu akadali ofunda, n'kuwaika pa chitsa cha kabichi. "Anatsala kunyumba. Ndikanapatsa nkhumba koma ndilibe."

Pa mzinga anthu safola, zimafola ndi zitini. Aliyense amasiya chake, cha mpunga, cha chimanga, cha nyemba, n'kupita kukagula zina, ndipo a Mal-sun amadziwa mwini wa chitini chilichonse ndi kupindika kwake. Pa 28 mzere wa zitini unafika mpaka kwa ogulitsa nsapato, koma eni ake sanapite kulikonse. Onse anali ataima chapafupi, akunamizira kusankha adyo. Hye-ran anali pakati pawo, atakumbatira chikwama chake pachifuwa. A Mal-sun anafika opanda mpango. Nkhupakupa anaimanga ndi kalamba kopyapyala kozungulira mutu, kufiira kwake kukuonekera kuchokera ku siteji.

A Pyo anabwera atavala jekete la misonkhano. Asanatsegule pakamwa, a Mal-sun anawatsogolera.

"A Tcheya, musanapite uko, imvani ichi, poti pamsika pano osadziwa ndinu nokha. Tsiku lija simunaname. Sindinamveke. Zaka zisanu ndi zinayi amene wakhala akukuwa pa mzinga uwu ndi mayi wa nsombayu, ine ndikungoyasamula."

A Geum-rye anagwira kumutu. "Mayi iwe, wapenga? Ndani amadzipereka yekha kwa..."

Sanamalize. A Mal-sun anatapa mbuliwuli wa chimanga wodzaza dzanja n'kuwatsekera nawo pakamwa.

"Atafune ameneyo mpaka nditamaliza. Wa adyo, muziwayang'ana, akameza muwonjezere. A Tcheya, werengani mapazi anu."

A Pyo anawayang'ana nthawi yaitali, ngati munthu amene wabwera kudzagwira wakuba n'kupeza wakubayo akumusonyeza pamene anabisa katundu. Kenako anatembenuka n'kuyamba kuyenda, milomo ikuwerenga. Atafika pa siteji anaima atafulatira, manja ali m'matumba.

A Mal-sun anathira chitini choyamba, kumanga chivindikiro, kuyatsa moto. Anamva zinthu zimene pa nthawi ngati imeneyi anali asanazimve kwa zaka zambiri: gasi akupuma, mpunga ukugubuduzika m'mimba mwa chitsulo, mwana wina akufunsa amake kuti tikudikira chiyani. Muvi unakwera mwaulesi. Anadziwa kuti mantha akangowakwezera mawu pamwamba, kutuluka kamphepo kaja, malo a a Bong-sik n'kupita anthu onsewa akuona. Muvi unagunda pofiira. Anazimitsa moto, analozetsa chimphika m'chithumba cha waya, anakola ndodo, anaponda pansi mwamphamvu ndi mapazi onse awiri.

"Chikuphulikaaa!"

Anali mawu onyansa, tinene zoona. Otsika, osasa, ong'ambika m'mbali, a ng'ombe osati a munthu. Koma anayenda. Anadutsa adyo, anadutsa tsabola, anadutsa nsapato, ndipo a Mal-sun anawamva akugunda khoma la siteji n'kubwerera kwa mwini wake. Mapewa a a Pyo anadumpha. Manja awo anatuluka m'matumba n'kukagwira makutu mutu usanaganize n'komwe za komiti.

Anakankha. Phuu!

Utsi woyera unaphimba mzere. Kale pa nthawi imeneyi ankakhala ali m'kachetechete, akufufuza kachitini m'epuloni, ndiye zotsatira zake zinali zachilendo kwa iwo: mbuliwuli akuwayawaya m'waya ngati mvula yoyamba pa malata, nkhunda zikuwomba mapiko, ana akukuwa mokondwa, anthu akuseka ndi kuwomba m'manja, ndi mawu a Hye-ran, osati a bakha, akuitana amayi ake. Anaima n'kumvetsera mpaka zonse zitatha.

A Pyo anatembenuka. Anakweza dzanja ali ku siteji komweko, n'kulowera kumtunda. Patapita kanthawi anabwerera opanda jekete, atanyamula chitini cha mpunga, n'kuchiika mwakachetechete kumapeto kwa mzere, kuseri kwa zitini zonse.

A Mal-sun anakhuthula mbuliwuli woyambayo, anatapako mbale yodzaza akadali wotentha, n'kukaiika pa benchi la nsomba, pakati penipeni pa malonda a eni ake. A Geum-rye anali atangomeza chimanga chomaliza. Maso awo anali onyowa, ndipo ankawapukuta mokalipa ndi kuseri kwa dzanja, akuloza utsi kuti ndiwo wolakwa.

"Mawu ake kuipa!" anatero. "Ng'ombe yodwala imaposa pamenepa."

A Mal-sun anawerama n'kutola chitini chachiwiri.

"Ndikudziwa," anayankha. "Ndawamva ndekha."